Kalasi yanga ili pa WhatsApp, koma mvula imagwa kumudzi

Ambiri a inu amene mukuwerenga nkhaniyi muli ndi kachithunzi ka dzuwa kapena ka mtambo pa foni yanu. Kamakuuzani kuti lero kutentha kufika madigiri 31, ndipo mawa mwayi wa mvula ndi 60 peresenti. Koma tamufunsani mnzanu amene mwakhala naye pafupiyo kuti 60 peresentiyo ikutanthauza chiyani. Wina anena kuti mvula igwa pafupifupi tsiku lonse. Wina ati igwa yamphamvu. Wachitatu angoseka n'kuti, "Aaa, a zanyengo ndi abodza basi. Dzana anati kugwa mvula, ife tinachapa, zovala zinauma bwinobwino." Uthenga wa nyengo tikuyenda nawo m'thumba, koma kuumvetsa n'kudziwa chochita nawo ndi nkhani ina.

Ine ndine mphunzitsi wa Geography pa sekondale ina m'boma la Mulanje, ndipo kwa nyengo ziwiri za mvula ndakhala ndikuyang'anira maphunziro a zanyengo a aphunzitsi a m'sukulu za pulayimale. Ambiri mwa ophunzira angawa sindinaonane nawo maso ndi maso kuposa kawiri. Ali ku Phalombe, ku Thyolo, kuno ku Mulanje, ena kumunsi ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Phunziro limawapeza pa foni. Anthu akamva zimenezi amaganiza kuti ntchito yanga ndi yophweka: kukhala pamthunzi, kutumiza mauthenga, basi. Komatu nthawi yanga yambiri imathera posamalira timagulu ta anthu atatuatatu amene amakhala kufupi ndi aphunzitsiwo n'kumawathandiza. Popanda timagulu timeneti, bwenzi gulupu yathu ya pa WhatsApp itazizira kalekale, ngati mmene amazizirira magulupu a anthu amene munalemba nawo Fomu 4.

Anatiyambitsa ndi Freddy

Palibe munthu wa kuchigawo chakummwera amene amafuna kukumbutsidwa za mwezi wa March 2023. Namondwe wa Freddy anabadwira kutali, kufupi ndi dziko la Australia, kumayambiriro kwa February. Anawoloka nyanja yonse ya Indian Ocean, anakantha Madagascar ndi Mozambique, anabwerera kunyanja, kenako anabweranso. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la WMO linatsimikiza pambuyo pake kuti anakhala masiku 36, ndipo palibe namondwe wina wodziwika amene anakhalitsa chotero. Kuno kwathu madzi ndi matope zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu midzi ina inakokoloka. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Sukulu zinatsekedwa, ndipo zambiri zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi.

Chenjezo linalipo. Nthambi yoona zanyengo inalengeza namondweyo asanafike, mawailesi anaulutsa, mauthenga anazungulira pa mafoni. Koma taganizani. Munthu akamva kuti kugwa mvula ya mamilimita oposa 100 pa tsiku limodzi, m'mutu mwake amaona chiyani? Akatenga lula, mamilimita 100 ndi masentimita 10 okha, madzi ongofika m'kakolo. Ndani angasiye nyumba yake, mbuzi zake ndi chimanga chake chifukwa cha madzi a m'kakolo? Chimene sanauzidwe n'chakuti milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa kamalo ka mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Pa hekitala imodzi, mamilimita 100 ndi malita 1 miliyoni. Ndiye werengani mahekitala onse a m'mbali mwa phiri, nthaka itakhuta kale madzi, ndipo onsewo akutsikira m'khwawa limodzi lomwe m'munsi mwake muli nyumba yanu.

Kumudzi munthu amene amafunsidwa zinthu ngati zimenezi ndi mphunzitsi. Ndiye amawerengera anthu makalata, ndiye ali ndi foni yaikulu, ndipo tsiku lililonse amayankhula ndi ana ambirimbiri amene madzulo amabwerera m'makomo. Koma aphunzitsi ambiri anaphunzira za nyengo ngati mmene tinaphunzirira tonsefe: kujambula chithunzi cha choyezera mvula pabolodi, kuloweza dzina lake, kukhoza mayeso, osachigwirapo n'kamodzi komwe. Apa m'pamene anzathu angapo, aphunzitsi ndi ena odziwa zanyengo, tinagwirizana zoyambitsa maphunzirowa, mothandizidwa ndi kabungwe kena kamene kanatigulira zoyezera mvula ndi mabandulo.

Nzeru yake si yachilendo

Kuwasonkhanitsa aphunzitsi onse malo amodzi kwa miyezi itatu sikukanatheka. Ndalama zake zikanachokera kuti, nanga ana akanatsala ndi ndani? Tinayang'ana mmene ena amachitira. Ku America kuli bungwe la akatswiri a zanyengo lotchedwa American Meteorological Society, lomwe kuyambira mu 1996 lakhala likuphunzitsa aphunzitsi kudzera m'maphunziro otchedwa DataStreme Atmosphere. Maphunzirowa amatenga masabata 13, mphunzitsi amaphunzira ali kwawo pogwiritsa ntchito nyengo yeniyeni ya sabata imeneyo, ndipo dera lililonse limakhala ndi kagulu ka anthu ochepa, ena aphunzitsi odziwa ntchito, ena akatswiri a zanyengo, kamene kamayang'anira ophunzira a kufupi nako.

Titawerenga zimenezi tinaona kuti kuno kwathu si zachilendo. Makolo athu ambiri anapeza JC ndi MSCE kudzera ku MCDE, akulandira mabuku ochokera kutali koma akusonkhana pamalo pomwe panali mphunzitsi wowayang'anira. Malo amenewo ndiwo anadzasanduka ma CDSS. Ndiye maphunziro a patali Amalawife tinawayamba kale, foni isanabwere, ndipo ngakhale nthawi imeneyo ankadziwa kuti buku palokha silikwana.

Athu timawayendetsa chonchi. Timayamba mu October, mvula isanagwe, n'kumaliza mu January. Lolemba lililonse ndimatumiza phunziro la sabata: masamba awiri okha, ndi voice note ya mphindi zitatu m'Chichewa. Tsiku lililonse 8 koloko m'mawa mphunzitsi amapita pa geji, ndiye dzina lomwe tonse tinazolowera la choyezera mvula, amawerenga madzi, amalemba mu kope pa deti la dzulo lake chifukwa mvulayo ndi ya maola 24 apitawo, kenako amakhuthula. Amalembanso kumene mphepo ikuchokera ndi mtundu wa mitambo. Lachisanu amajambula tsamba la kopelo n'kutumiza, pamodzi ndi mayankho a mafunso asanu. Kamodzi pamwezi amakumana ku TDC ya zoni yawo ndi kagulu kowathandiza kaja.

Ankhoswe

Poyamba tinkawatchula kuti alangizi, koma dzinali linkasokoneza chifukwa mmodzi mwa iwo ndi mlangizi wa zaulimi kale. Aphunzitsi a ku Thyolo ndiwo anawapatsa dzina limene linakhazikika: ankhoswe. Ati chifukwa amabwera zinthu zikavuta pakati pa mphunzitsi ndi maphunziro, banja lisanathe.

Kagulu kalikonse timayesetsa kuti kakhale ndi anthu atatu. Woyamba ndi mphunzitsi wachikulire wa m'zoni yomweyo, amene anzake amamulemekeza ndipo amadziwa kuti sukulu yakuti njira yake imaduka mtsinje ukadzadza. Wachiwiri ndi mlangizi wa zaulimi, poti maofesi ambiri a zaulimi ali ndi geji ndipo iye ndiye amadziwa kumasulira mamilimita kuti akhale uphungu wa kumunda. Wachitatu ndi aliyense amene anagwirapo ntchito yoyeza nyengo. Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo tili ndi mwayi chifukwa maesiteti a tiyi akhala akulemba mvula kwa zaka zambiri, ndiye timapeza madala opuma ntchito amene diso lawo silinama pa geji. Kagulu kamodzi kamayang'anira aphunzitsi asanu ndi mmodzi, akachuluka asanu ndi atatu.

Kuti mumvetse ntchito yawo, ndikuuzeni za madamu ena a Sitandade 5 ku Phalombe. Masabata atatu oyamba ankatumiza ntchito yawo nthawi yake. Sabata yachinayi, zii. Yachisanu, zii. Kumbali yanga chimene ndinkaona ndi kachongi kamodzi kotuwa pa uthenga uliwonse. Ukakhala patali, kachongi kameneko kangatanthauze chilichonse: munthu watopa, wadwala, wasamutsidwa, kapena wangokunyoza. Ndinaimbira nkhoswe yawo, mayi wachikulire amene watsala pang'ono kupuma ntchito.

"Aphunzitsi, musadandaule," anatero. "Loweruka ndipalasa njinga ndikawaone."

Atafika anapeza kuti foni ya pakhomopo ndi imodzi, ndipo bambo a kunyumba anapita nayo ku Mozambique kukachita geni. Koma madamuwo sanadumphitse tsiku ngakhale limodzi. Kope linali lodzaza, mizere yowongoka, ngakhale masiku amene mvula sinagwe analemba 0, monga mmene tinawaphunzitsira, chifukwa malo osalemba kanthu sakuuza ngati kunalibe mvula kapena ngati kunalibe munthu. Nkhoswe ija inajambula masamba onse pa foni yake, inawamvetsera ma voice note a masabata awiri atakhala pakhonde, ndipo kuyambira pamenepo ntchito ya madamuwo inkadutsira kwa iwo. Anamaliza maphunziro, ndipo chaka chotsatira anakhala nkhoswe nawonso.

Zinthu ngati zimenezi kompyuta singazione. Munthu wophunzira payekha sasiya tsiku limodzi. Amayamba n'kutsalira sabata imodzi, kenako amachita manyazi kufunsa, kenako amangokhala chete pagulupu mpaka kutuluka. Chimene chimamubweza ndi munthu amene angathe kugogoda pakhomo pake.

Alawansi, bandulo ndi mbuzi

Pamsonkhano woyamba m'zoni iliyonse funso loyamba limakhala lomwelo: "Bwana, nanga za alawansi zili bwanji?" Ine sindiwaweruza. Malipiro a mphunzitsi safika kumapeto kwa mwezi, kabaza wakwera mtengo, ndipo tinazolowera kuti maphunziro aliwonse amathera pa kusaina pepala n'kulandira envulopu. Tikayankha kuti palibe, kupatula kabandulo ka pamwezi ndi geji, ena amachoka, ndipo timasiyana bwino. Amene amatsala nthawi zambiri amatsala chifukwa cha mawu a nkhoswe, osati anga. Dala wina wopuma ntchito ku esiteti anawauza anzake kuti, "Ana anga, ine ndilibe chokupatsani. Koma inu nonse muli ndi munda. Mukadziwa kuwerenga mvula, alawansi yanu mukaipeza m'nkhokwe."

Pofuna kuchepetsa ndalama zoyendera, misonkhano timaiika tsiku limene aphunzitsi akupita kale ku TDC pa zochitika zina. Maphunziro timawapanga opepuka kuti atsike ngakhale netiweki ili ya kadontho kamodzi. Makanema sititumiza. Amene kwawo kulibe magetsi amatchajitsa pa sola ya pa wokala, ndiye tsiku lomaliza kutumiza ntchito silikhala lokhwima ngati la mayeso a MANEB.

Geji nayo ili ndi adani ake. Iyenera kuima pabwalo poyera, patali ndi mtengo kapena nyumba, mtunda wosachepera kawiri kutalika kwa chinthucho, kuti madzi odontha kapena kutchingidwa asanamize. Koma pabwalo poyera m'pamenenso pamadutsa mbuzi, mpira ndi ana ofuna kuona chimene chingachitike akathiramo madzi a pa mjigo. Tsiku lina sukulu ina inatumiza mamilimita 85 pamene sukulu zonse zoyandikana nazo zinalemba 0 ndipo kumwamba kunali mbee. Nkhoswe itafufuza inapeza kuti anali ana a Sitandade 2. Mankhwala ake sanali chikwapu. Ahedi anasankha ana awiriawiri sabata iliyonse kuti akhale alonda a geji ndipo aziwerenga limodzi ndi aphunzitsi, ndipo ulemu umenewo ana amaulimbirana.

Vuto lalikulu ndi tchuthi cha Khrisimasi. Chimagwa pakatikati pa mvula, ndipo aphunzitsi ambiri amapita kumudzi kwawo. Geji sungainyamule, chifukwa mvula ya malo ena si ya pasukulupo. Apa ankhoswe ndiwo amakonza: pena amaphunzitsa wapampando wa komiti ya sukulu, pena mwana wa Sitandade 7 wokhala pafupi, pena mlonda. Mlonda wina ku Chikwawa anaikonda ntchitoyi moti sukulu itatsegulidwa anakana kubweza kope. Anachita kumugulira lake.

Zimene timaphunzira

Phunziro limene limawatsegula maso ambiri ndi la denga. Timawauza kuti ayeze denga la kalasi yawo. Tinene kuti ndi mamita 8 m'litali ndi mamita 7 m'lifupi. Kukagwa mvula ya mamilimita 20, dengalo lalandira malita 1,120, ndiye kuti ndowa 56 za malita 20. Ana akawerengera okha zimenezi, milimita imasiya kukhala kamzere ka pa lula. Ndipo funso lotsatira amafunsa okha: nanga madzi onsewa timangowasiya akukumba chigwembe kuseri kwa kalasi bwanji?

Timaphunzira chifukwa chake mvula yathu imagwa kuyambira cha mu November mpaka mu April. Dzuwa likakhala pamwamba pa dera lathu, mphepo zochokera kumpoto ndi zochokera kummwera zimakumana, mpweya wotentha umakwera, ukazizira kumwambako umapanga mitambo. Mzere wokumanirawu akatswiri amautcha ITCZ, ndipo umayenda chaka ndi chaka kutsatira dzuwa. Palinso mpweya wachinyezi wochokera ku Congo umene umatibweretsera mvula. Timaphunzira za chiperoni, kamvula kowaza ndi nkhungu za miyezi yozizira, chimene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, mbali yomwe mphepo yake imachokera. Timakambanso za mwera umene umavutitsa asodzi panyanja miyezi yomweyo. Mphunzitsi wa ku Nsanje ndi wa m'mphepete mwa phiri la Mulanje akayerekeza kutentha kwa tsiku limodzi, amamvetsa okha kuti ukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka, ndipo n'chifukwa chake pa Sapitwa, pamtunda wa mamita 3,002, munthu amanjenjemera pamene ku Ngabu anthu akugona panja.

Nanga 60 peresenti ija? Tanthauzo lake n'lakuti pa masiku khumi amene mlengalenga mukuoneka ngati mmene muliri leromu, masiku asanu ndi limodzi mvula imagwa m'deralo, anayi siigwa. Sikunena kuchuluka kwake kapena kutalika kwa nthawi yake. Ndiye ikapanda kugwa, palibe wanama. Mwangokhala m'gulu la masiku anayi aja. Izi kuzifotokoza n'kosavuta, koma aphunzitsi anazikhulupirira atayamba kuona manambala a anzawo pagulupu. Sukulu imodzi mamilimita 40, ina yomwe ili pa mtunda woyenda ola limodzi pansi, 0. Mvula ya mabingu imagwa mwa apo ndi apo. Ulosi umanena za dera lonse, pamene munthu amaweruza poyang'ana pabwalo pake pokha.

Agogo nawo ali ndi geji yawo

Sabata ina ntchito imakhala yoti mphunzitsi aliyense akacheze ndi munthu wachikulire wa m'mudzi n'kulemba zizindikiro zimene amaonera mvula. Mayankho amabwera ambiri: nyerere zikamasamutsa mazira, mitengo ina ikayamba kuphukira, achule akamalira, kukatentha usiku mpaka kusowa tulo, mphepo ikatembenuka n'kumachokera kumpoto. Ena amati mango akabereka kwambiri ndiye kuti kukubwera njala.

Pamenepa pamabuka mkangano wokoma. Aphunzitsi achinyamata ena amafuna kuzitaya zonse kuti n'zachikale. Achikulire ena amafuna kuziteteza zonse. Lamulo lathu ndi limodzi: lembani chizindikirocho ndi deti lake, kenako tione chimene geji inene. Zina zimagwirizana bwino ndi sayansi. Mphepo ya mpoto ndi chifundi cha usiku ndi mpweya wachinyezi womwe uja umene tikuphunzira. Zina, monga za mango, sungaziweruze ndi chaka chimodzi. Zimafuna makope a zaka zambiri. Phindu lina la sabata imeneyi n'lakuti gogo amene wafunsidwa nzeru ndi mphunzitsi amadzamvetseranso mphunzitsiyo tsiku limene wabwera ndi chenjezo. Ngakhale mawu akuti chizimalupsa, mvula yoyamba ija imene imangozimitsa moto wa m'tchire, ndi umboni woti makolo ankadziwa kale kuti si mvula iliyonse yodzalira.

Chaka cha El Niño

Gulu lathu loyamba linayamba mu October 2023, nthawi imene akatswiri anali atalengeza kale za El Niño. Uku ndi kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific cha kufupi ndi South America, kumene kumasokoneza kayendedwe ka mphepo padziko lonse. Kuno kummwera kwa Africa kawirikawiri kumabweretsa mvula yochepa ndi ng'amba, monga zinachitikira mu 2015 ndi 2016. Mawu akuti kawirikawiri tinawatsindika kwambiri, chifukwa ulosi wa nyengo yonse umanena za mwayi, sulonjeza.

Mphunzitsi wina wachinyamata wa kumunsi kwa Shire anatenga nkhaniyi n'kukaifotokoza pamsonkhano wa makolo. Anawauza kuti chaka chino ndi bwino kudzala mbewu zocha msanga, kusaika mtima pa chimanga chokha, kuwonjezera mapira, mbatata ndi nandolo, ndiponso kuphimbira nthaka. Kenako kunagwa mvula yabwino masiku angapo otsatizana, ndipo anthu anayamba kumuseka pamsika. "Aphunzitsi, El Niño wanu uja ali kuti? Kapena wasochera?" Mnyamatayo ananditumizira uthenga usiku kuti akufuna kusiya, wachita manyazi, ndipo sadzayankhulanso za nyengo pagulu.

Ine ndikanamulembera ndime zitatu zomulimbikitsa, koma ndime sizikanayenda naye pamsika. Amene anapita ndi nkhoswe yake, mlangizi wa zaulimi uja. Pamsonkhano wotsatira anaima pambali pake n'kuuza makolo kuti, "Zimene ananena aphunzitsiwa ndi zomwenso ife tikunena. Nyengo sitiiweruza ndi sabata imodzi. Tiyeni tiziona limodzi kopeli mpaka March." Anapachika tchati cha mvula pakhoma la ofesi ya ahedi kuti aliyense wodutsa aziona.

Mu February 2024 kumwamba kunauma. M'makope ambiri munali 0, 0, 0, tsamba lonse, nthawi imene chimanga chimafuna madzi kwambiri pomasula ndi kubereka. Pa 23 March 2024 mtsogoleri wa dziko analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'ambayo. Palibe amene anasangalala kuti ananena zoona. Kudziwa sikunagwetse mvula, ndipo mabanja ambiri, kuphatikizapo a aphunzitsi athu, anakolola zochepa kwambiri. Koma ena amene anadzalako mapira ndi mbatata anali ndi poyambira, ndipo mphunzitsi uja sanasiye. Masiku ano anthu amamuimitsa panjira kumufunsa kuti foni ikuti bwanji.

Gulu lachiwiri linakumana ndi mayeso a mtundu wina. Mu December 2024 namondwe wa Chido anakantha chilumba cha Mayotte, kenako kumpoto kwa Mozambique, n'kulowera kuno. Sabata imeneyo tinaimika phunziro lomwe tinakonza, ndipo namondweyo ndiye anakhala phunziro. Aphunzitsi ankatsatira malengezo a nthambi yoona zanyengo, akuika kadontho pa mapu tsiku lililonse, akuona okha kuti kuno kummwera kwa equator mphepo ya namondwe imazungulira ngati mivi ya wotchi. Lamulo linali lakuti pagulupu tisatumize uthenga umene sitikudziwa gwero lake. Ankhoswe anathandiza aphunzitsi kumasulira machenjezowo m'mawu a tsiku ndi tsiku, ena m'Chisena, ena m'Chilomwe: musawoloke mtsinje wodzadza, musabisale pansi pa mtengo, ngati khoma lanyowa tulukani, ngati muli m'munsi mwa phiri kagoneni kwa abale kumtunda wotetezeka. Ana ananyamula mawu amenewo kupita nawo kunyumba.

Ntchito yanga kwenikweni

Lamlungu lililonse madzulo ndimaimbira mtsogoleri wa kagulu kalikonse. Sitiyamba ndi za mitambo. Ndimafunsa kuti ndani wakhala chete sabata ino, ndani ali ndi maliro, ndani wasamutsidwa, njinga ya ndani yathyoka. Ankhoswe nawo ndi anthu ongodzipereka, ali ndi minda ndi mabanja awo, ndipo amatopa. Kagulu kakafooka, sipatenga masabata awiri kuti aphunzitsi ake ayambe kusowa pagulupu. Ndiye ndimaonetsetsa kuti phunziro alilandire tsiku limodzi ophunzira asanalilandire, kuti asachite manyazi akafunsidwa. Funso likawakanika amalibweretsa kwa ine, nane likandikanika ndimalipititsa kwa odziwa zanyengo. Paja safunsa anadya phula. Pamapeto pa maphunziro, dzina la nkhoswe timalitchula poyamba, la wophunzira pambuyo.

Kwa inu achinyamata amene mwawerenga mpaka pano, pali zimene mungachite osadikira bungwe lililonse. Tsatirani malengezo a nthambi yoona zanyengo m'malo mongodalira mauthenga ongotumizirana. Pezani chitini kapena botolo lowongoka m'mbali, lofanana kukula kukamwa ndi pansi, liimikeni poyera, ndipo m'mawa uliwonse yezani kuya kwa madzi ndi lula n'kulemba. Silingafanane ndi geji yeniyeni, koma pakatha mwezi mudzakhala mukudziwa mvula ya kwanu kuposa mmene app ikuidziwira. Mukamva chenjezo, imbirani amayi kapena agogo kumudzi n'kuwafotokozera m'mawu amene angawamve, osangowatumizira chithunzi. Ndipo ngati pafupi nanu pali sukulu ya pulayimale, kafunseni ahedi ngati ali ndi geji komanso ngati alipo woiwerenga pa tchuthi cha Khrisimasi. Mwina munthu amene akusowekayo ndinu.